MPANDA WALOWA MPAKA M'MADZI, NANGA IFE TIDZERA PATI?

Anzanga a kugombe, ndabweranso ndi zolemba zanga zazitali zija. Amene bandulo yatsala pang'ono asadandaule, izi ndi zilembo chabe, sizidya kanthu. Pezani mthunzi pansi pa thandala muwerenge mpaka kumapeto, chifukwa kumapetoko kuli nkhani ya Loweruka.

Lachiwiri lapitali foni inalira cha m'ma 5 koloko m'mawa. Achimwene ena a chilimira injini yawazimira pobwerera, mwera wawakankha mpaka akakocheza kumpoto kwa doko lathu, pomwe mphepo yawasiya. Usipa uli m'boti, dzuwa likutuluka. Inu mukudziwa kuti usipa sudikira munthu. Ndinatenga chikwama cha masipanala ndi mapulagi awiri, n'kuthamangira kanjira ka pamlambe kaja, komwe tonsefe tinkadzera pokasambira tili ana.

Ndafika, njira palibe. Pali khoma la njerwa lalitali kundiposa, pamwamba waya waminga, geti lachitsulo lopaka penti yakuda. Ndagogoda. Wotsegula kazenera ka pageti ndi mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi ku pulayimale. Akuti, "Aise, ndikakulowetsa ntchito yandithera. Abwana anati asadutse aliyense." Ndikuti, "Man, boti ndi ilo likuoneka apo, ndingodutsa basi, mphindi ziwiri." Anangoyang'ana pansi.

Ndinazungulira. Khoma ili litatha panayamba lina, lina litatha panayamba waya. Nditapeza potsikira kunyanja ndinayenda m'mbali mwa madzi kubwerera, koma waya wa pulotiyo anaulowetsa mpaka m'nyanja, ndiye ndinalowa m'madzi ofika m'chiuno chikwama chili pamutu. Vuto la injiniyo linali madzi mu kabyuleta, ntchito ya mphindi 15. Ulendo wokafika pa botilo unanditengera pafupifupi ola. Usipa unafika pathandala mimba zitayamba kufewa, amayi a geni anagula pa mtengo umene anafuna okha.

Mnzanga uja sindikumuda ayi, ali ndi ana awiri. Koma kuyambira tsiku limenelo mawu oti mpanda akungozungulira m'mutu mwanga, moti usiku wina ndinakhala ndi a bambo pakhonde akusoka matchera, n'kuwafunsa kuti kodi kale mipanda kunalibe?

Anaseka. Akuti mipanda inalipo yambirimbiri, mwina kuposa pano. Ndipo n'zoona, ngakhale ife takula tikuiona. Mpanda wa bango kapena wa tsekera kuzungulira pakhomo, kuti amayi aziphika ndi kupeta momasuka, mphepo isamamwaze ufa pamphasa. Kampanda ka bafa kuseri kwa nyumba. Khola la mbuzi lamitengo yothithikana chifukwa cha afisi. Mpanda wa minga kudimba kuti mbuzi zomwezo zisamalize mpiru. Nkhadze ndi khonje zodzala m'malire a munda. Ndagala ya anyamata a jando, yomwe aliyense amadziwa kuti wosavinidwa sayandikirako. Ngakhale m'mitsinje yolowa m'nyanja akuluakulu ankamanga mpanda wa bango n'kutcherapo miono nthawi imene mpasa ndi sanjika zikukwera kukaswana. A bambo akuti agogo awo ankalimbikira kuti pampanda wa mumtsinjewo pazisiyidwa mpata, nsomba zina zidutse, apo ayi chaka chamawa mudzatchera madzi okhaokha.

Ndiye ndinayamba kuiona bwino mipanda yonseyi. Uliwonse unkatchinga chinthu chimene munthu wachivutikira yekha, kapena ulemu wa thupi lake. Ndiwo wadzala yekha, mbuzi waweta yekha, mkazi akusamba. Komanso mpanda wa bango umamva "odi". Ukaima panja n'kuitana, wam'kati amakumva, amakuona m'mipata ya bango, amakuyankha. Ukamuuza kuti ndikudutsa ndikupita kudoko, akuti dutsani, moni kunyumba. Ndipo bango limaola. Zaka ziwiri zitatu uyenera kumanganso, ndiye ngati unalowerera m'njira ya anthu, pomanganso amfumu amakuuza kuti bwezani mpandawo m'mbuyo. Khoma la simenti silimva odi ndipo silibwerera m'mbuyo.

Panalinso mpanda wina woopsa, wa nthawi ya nkhondo. Uwu ndi linga. Amene munapitako ku Nkhotakota mukudziwa kuti tauni ija anthu amaitchula kuti Linga. Dzinalo silinagwe kumwamba. Kumeneko n'komwe kunali Jumbe, Mswahili wogula minyanga ya njovu ndi akapolo, amene ankawolotsa anthu pa zombo kupita tsidya lija la nyanja, ulendo wa ku Kilwa. Ku Karonga Mlozi anali ndi malinga ake mpaka pomwe anagonjetsedwa ndi kunyongedwa mu 1895. Atonga a ku Chintheche nawo anamanga malinga m'mbali mwa nyanja podziteteza kwa Angoni. Taonani, mitengo yake ndi imodzimodzi, kamangidwe kofanana, koma linga lina linkasunga anthu kuti asaphedwe, lina linkasunga anthu kuti asathawe asanagulitsidwe. Ukafuna kudziwa mpanda usamayang'ane kutalika kwake. Funsa kuti akutsekeredwa ndani, panja kapena m'kati, ndipo kiyi ali ndi ndani.

Azungu atabwera nawonso anayamba ndi mpanda. Boma lathu la Mangochi linkatchedwa Fort Johnston, ndipo chiyambi chake mu 1891 chinali linga la asilikali m'mbali mwa Shire, kuyang'anana ndi mudzi wa Mponda. Tsidya lija kwa Makanjira kuli Fort Maguire, dzina la mkulu wa asilikali amene anaphedwa pankhondo yolimbana ndi Makanjira chaka chomwecho. Izi tinaphunzira ku sekondale kuti tikhoze mayeso basi, sitinkadziwa kuti tikuphunzira za pakhomo pathu.

Koma mpanda wamphamvu kwambiri umene anabweretsa sunali wa mitengo. Unali pepala. M'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda linapereka zikalata za umwini wa malo kwa azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu, ena ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Mfumu inkaganiza kuti yalola mlendo kukhala, mlendo ankadziwa kuti wagula mpaka kalekale. Anthu a kumapiri a Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu anadzuka tsiku lina ali alendo pamalo pomwe anabadwira, akugwira thangata kuti asathamangitsidwe. Mkwiyo wa John Chilembwe mu 1915 mbali ina unachokera pamenepo. Mpaka lero pitani ku Thyolo mukaone, tiyi wobiriwira mpaka kumene maso alekezera, anthu atapanikizana m'mphepete mwa phiri. Papita zaka zoposa 100 koma pepala lija likugwirabe ntchito. N'chifukwa chake ndikamva kuti "amfumu asayina kale", thupi limachita tsembwe. Zimene zinachitika kumapiri ndi tiyi zikuchitika kuno ndi mchenga, kusiyana kwake n'koti pano ogula ambiri si azungu. Ndi Amalawi anzathu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre, amene amabwera pa Khirisimasi ndi pa Isitala, miyezi ina yonse nyumba ili yotseka, mlonda ndi galu basi.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti mpanda uliwonse ndi woipa. Funsani anthu oyandikana ndi nkhalango ya Liwonde. African Parks itatenga nkhalangoyo mu 2015 inamanga mpanda wamagetsi kuzungulira, chifukwa njovu zinkatha minda ndi kupha anthu. Kwathu konkuno ku Phirilongwe kunalibe mpanda, njovu ndi anthu ankangolimbana mpaka mu 2009 pomwe njovu zoposa 80 zinanyamulidwa pa magalimoto kupita ku Majete. Munthu amene njovu inamudyera chimanga cha chaka chonse usiku umodzi sungamuuze kuti waya ndi woipa.

Ndipo inenso ndisaname, ndimaufuna mpanda. Pashedi yanga pamagona mainjini a anthu, Yamaha 15 imodzi ndi ndalama zimene ine sindingabweze ngakhale nditagulitsa zonse ndili nazo. Chaka chatha anandibera pulopela ndi thanki ya mafuta, ndinalipira ndekha. Ndikapeza ndalama ndidzamanga mpanda wanjerwa, geti ndi loko wamkulu. Mwini loji nayenso ali ndi katundu, ali ndi alendo amene sakufuna kuti foni zawo zisowe akusambira, ndipo tisabisane, ena mwa ife manja ndi aatali. Akatchinga zipinda zake, bala yake, galimoto za alendo ake, ine ndilibe naye mlandu. Zimenezo anamanga yekha ndi ndalama zake.

Koma mchenga anaumanga ndani? Madzi anawathira ndani? Apa ndi pomwe ine ndikukanira. Mpanda wa makolo unkatchinga thukuta la munthu. Mpanda uwu ukutchinga chinthu chimene mwini mpandayo anachipeza chilipo, anthu akuchigwiritsa ntchito, ndipo akuchitchingira anthu omwewo.

Wina wa m'tauni akaona gombe amaona malo ojambulitsa zithunzi. Sadziwa kuti kwa ife gombe ndi msika, ndi bafa, ndi pochapira, ndi potunga madzi, ndi galaja yanga, ndi poyanika makoka, ndi pokhoma mabwato, ndi bwalo la mpira la ana madzulo. Khoka la kugombe limafuna malo aatali opanda chotchinga kuti anthu akoke mbali ziwiri. Thandala limafuna malo. Ndipo chachikulu chimene sadziwa n'choti pa nyanja sukocheza pomwe wafuna. Mwera ukauka, kapena mpoto ukabwera mwadzidzidzi, umakocheza pomwe wapulumukira. Waya wolowa m'madzi usiku saoneka. Tsiku lina bwato lidzagubuduzika pamenepo, munthu adzakodwa mwendo, ndiye tidzayamba kulemba "RIP" pa status.

Taganizaninso za amayi athu. Njira ikatsekedwa, ife anyamata timalumpha kapena kulowa m'madzi monga ndinachitira ine. Mayi wa ndowa pamutu, mwana kumsana, beseni la zochapa m'manja, azungulira kangati pa tsiku? Madoko akachepa, onse amathithikana pamodzi, osamba, otsuka mbale, otumbula nsomba, otunga madzi akumwa, kenako kolera ikabwera akuti anthu a kunyanja ndi auve.

Chimene chimandisangalatsa ndi choti ife a kunyanja timadziwa kale kulemekeza malire popanda waya. Doko la amayi ndi doko la abambo, pakati pake pali khoma? Palibe. Koma mwamuna wanzeru zake akamayandikira amaima patali n'kufuula kuti tidutse nawo, amadikira ayankhidwe. Ku Salima kuli chilumba cha Mbenji, komwe Mfumu Yaikulu Makanjira ya kumeneko, osati ya kuno ku Mangochi, imatseka usodzi nyengo ya mvula n'kudzatsegula ndi mwambo mvula ikatha. Kulibe waya kuzungulira chilumbacho, koma asodzi amamvera, ndipo utaka wa ku Mbenji mbiri yake mukuidziwa. Ku Cape Maclear paki ya nyanja inakhazikitsidwa mu 1980, UNESCO n'kuiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 chifukwa cha mbuna, ndipo lamulo limaletsa kuwedza mamita 100 kuchokera kumtunda wa paki. Pamakhala kukangana ndi alonda a paki, inde, koma midzi ngati Chembe ndi Msaka inasiyidwa m'katimo ndi madoko ake. Ngati boma linatha kusiyira anthu doko m'kati mwa paki, munthu mmodzi wa koteji akulephera bwanji kusiya kanjira ka mamita atatu m'mbali mwa khoma lake?

Tsono ndiloze chala kwa ife tomwe, chifukwa khoma lija silinamere lokha ngati bowa. Malo aja anagulitsa ndi anthu a m'mudzi mwathu. Ena ndi amalume athu, ena ndi anyamata anzathu amene anakakamiza makolo kuti tigulitse tigule njinga yamoto ya kabaza, tipeze thiransipoti ya ku Joni. Njinga ija inatha chaka chimodzi, ine ndemwe ndinaimasula injini komaliza. Malo aja sadzabweranso. Ndipo m'mitu mwathu tinalowa kale maganizo oti mpanda ndiye chizindikiro choti munthu zake zinayenda. Timati "ana a kumpanda" tikamanena ana a anthu olemera. Wobwera ku Joni asanamalize n'komwe nyumba amayamba ndi khoma, pamwamba mabotolo oswa. Kale munthu wolemera ankadziwika ndi kuchuluka kwa anthu odya pakhomo pake. Pano akudziwika ndi kutalika kwa chimene chikuwaletsa kulowa. Ndiye tikamadandaula za khoma la mlendo tizikumbukira kuti tonsefe tikulota khoma lomwelo.

Amfumu athu ndimawalemekeza, ndi makolo athu. Koma agogo, malo a m'mudzi munawalandira kuti muwasungire ana amene sanabadwe. Mukasayina pepala la gombe, kachikwama kamene mwalandira kadzatha mwezi usanathe, koma dzina lanu lidzakhala pa pepalalo adzukulu akamadzafunsa kuti anatitsekera ndani.

Ena amati maloji amabweretsa ntchito. Zoona, ndipo ine ndimakonza mainjini a maboti awo, amandilipira bwino kuposa asodzi ena amene amati "ndikupatsa usipa ukagwidwa". Mlongo wanga anagwirapo ntchito yochapa pa loji ina. Sindikufuna atseke. Koma werengani anthu amene loji imodzi yalemba, kenako muwerenge amene amadya kuchokera pa doko limodzi: eni maboti, okoka, a siginala, amayi owamba ndi oyanika, onyamula mabeseni, ogulitsa nkhuni, a tiyi ndi zitumbuwa, a kabaza, okhoma mabwato, ine makaniko. Ndipo palibe chifukwa choti tisankhe chimodzi. Alipo eni maloji ena amene anasiya gombe lotseguka, asodzi amadutsa, alendo amajambula mabwato n'kugula nsomba pompo. Sanagwe nayo bizinesi.

Nyanja yokha inayankhapo kale. Mukukumbuka 2024 madzi atakwera kuposa mmene ambirife tinawaonerapo chibadwire? Makoma ambiri a m'mbali mwa nyanja kuno ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota anaima m'madzi, ena anagwa, mabedi a m'maloji akuyandama. Eni ake anafuula kuti atsegule baraji ya ku Liwonde madzi apite. A National Water Resources Authority anakumbutsa anthu kuti m'munsi mwa mzere wa mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere simuyenera kumangidwa, ndi malo a nyanja. A bambo anangoti madzi saiwala khwawa, n'kundionetsa mtengo womwe ankamangirira bwato cha m'ma 1980 madzi atakweranso chomwechi. Mtengowo lero uli m'kati mwa mpanda wa munthu. Sindinasangalale ndi tsoka la anthu, nyumba za asodzi anzathu nazonso zinamira. Koma ndinaphunzirapo kuti pali mzere umene boma lomwe limauvomereza kuti kuyambira apa kutsika si pa munthu mmodzi. Nanga waya wolowa mpaka m'madzi uja akuuloleza ndani?

Tsopano nkhani ya Loweruka. Pakati pa makoma awiri a kumwera kwa doko lathu patsala puloti imodzi yosamanga, ndipo m'mbali mwake ndi momwe mwadzera njira yomaliza yoti ngolo kapena galimoto ya nsomba ifike kumadzi. Sabata yatha kunabwera anthu ndi tepi, akhoma zikhomo, chikhomo chimodzi chili pakati penipeni pa njira. Banja logulitsalo ndi abale athu, ali ndi mavuto awo, sitikukawaletsa kugulitsa munda wawo. Tikukapempha kuti asanasayine, njira ituluke m'pulotimo, ipimidwe, ilembedwe pa pepala lomwelo kuti ndi ya mudzi, yotakata moti ngolo n'kudutsa, kuchokera kumsewu mpaka kumadzi. Tikukapemphanso kuti mpanda wa wogulayo ulekezere kumtunda, mchenga ukhale wodutsa aliyense. Zapakamwa ayi. "Musadandaule muzidutsa" tinamva kale pa puloti ya pamlambe ija, mwini wake woyamba anali munthu wabwino ndithu, koma anagulitsa kwa wina amene sanalonjeze kanthu kwa aliyense.

A komiti ya gombe, a BVC, ntchito yanu si kulanda maukonde a udzudzu kokha ayi, doko likatha mudzayang'anira chiyani? Bwerani ndi buku lanu la maboti kuti tikawerenge pamaso pa amfumu kuti ndi mabanja angati amadzera njira imeneyi. Amayi a geni ya nsomba bwerani, inu mukayankhula amamva kuposa ife. Anzathu amene muli ku Joni ndi ku Lilongwe, imbirani makolo anu muwauze asakhale pakhomo tsiku limenelo.

Chonde anyamata, tisakapite ndi mowa m'mutu, tisakazule zikhomo usiku, tisakatukwane munthu. Tikatero nkhani idzasanduka ya apolisi, njira idzaiwalika, ndipo adzati mwaona anthu ake ndi amenewa, n'chifukwa chake timamanga mipanda. Tikakhale pansi mwaulemu, chipewa m'manja, koma tisachoke pepala lisanalembedwe.

Ndi Loweruka lino, 2 koloko masana, pabwalo la a gulupu pansi pa mtengo wa mango. Amene mupite kunyanja Lachisanu usiku mudzakhala mutagonako pang'ono. Ine shedi ndidzatseka 1 koloko, amene injini yake ili kwa ine adzatenge m'mawa kapena adikire Lamulungu. Tumizani uthengawu ku magulu onse a kugombe, ndipo amene ali ndi tepi yopimira abwere nayo.